Phiri la Mafumu ku Great Zimbabwe

Mbalame imene mumaiona pa mbendera ya dziko la Zimbabwe ili ndi kwawo, adzukulu anga, ndipo kwawoko ine ndinakapondako ndi mapazi angawa. Ndi paphiri lina la matanthwe, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Masvingo, imene masiku athu inkatchedwa Fort Victoria. Pamwamba pa phirilo ndi m'chigwa cha m'munsi mwake muli mabwinja a mzinda wakale wa Great Zimbabwe, kumene dziko lonse lija linatengera dzina litalandira ufulu mu 1980. Koma zimene ndikukambazi n'zakale kuposa pamenepo, dzikolo likadali Southern Rhodesia, ife tonse tikadamangidwa m'chitaganya.

Masiku amenewo mnyamata akafuna ndalama ya msonkho, njinga, kapena bulangete la mayi ake, maso ankaloza ku Halale. Ena ankalembedwa ndi Mthandizi, ena ankakwera malole a Ulere, ena ankangouyatsa wapansi kudutsa ku Tete, kuoloka Zambezi mpaka kukatulukira ku Mtoko. Ine ananditenga ndi atsibweni anga, amene anali mmisiri womanga nyumba. Ndinayamba ndi kukanda matope ndi kuwapatsira njerwa, kenaka anandiphunzitsa kukoka chingwe ndi kuwerenga levulo. Ntchito inatifikitsa ku Fort Victoria cha m'ma 1961, damu la Kyle litangotha kumene kumangidwa, madzi akudzaza m'zigwa.

Lamulungu tikapeza mpata tinkakapemphera ku Morgenster, mishoni imene inatsegulidwa mu 1891 ndi mpingo wa Dutch Reformed, womwewo umene unayambitsa Mvera ndi Nkhoma kwathu kuno. Kumeneko atsibweni anapalana ubwenzi ndi mkulu wina wa kwa Nemanwa, dera loyandikana ndi mabwinjawo. Mkuluyo atamva za ntchito yathu anati, "Ngati ndinu omanga, musabwerere kwanu musanaone makoma a makolo athu."

Za makomawo tinali titamva kale, koma kuchokera pakamwa pena. Mzungu amene ankatiyang'anira pa ntchito ankakonda kunena kuti miyala ija inasanjidwa ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, Afoinike kapena Aluya, poti munthu wakuda sangawongole khoma popanda mzungu womuimirira kumbuyo. Ankanena zimenezi ataima pamthunzi wa khoma limene atsibweni anawongola okha. Ife sitinkayankha. Chitupa chako chikakhala m'manja mwa munthu, lilime umalipinda.

Tinafika patsinde pa phiri m'mamawa, mame asanakamuke. Njira zokwerera zilipo zingapo, ina yatsopano yokhotakhota bwino, yokonzera alendo. Mkulu uja anaikana. Anatitengera ku njira yakale, ndipo tisanaponde mwala woyamba anavula chipewa, nanjuta, naomba m'manja mwachikwawo akunong'ona mawu amene ife sitinawamve. Nafenso tinavula zathu. Phirilo si lalitali kwenikweni, mamita ngati 80 kuchokera m'chigwa, koma njira yakeyo imakuweramitsa. Makwerero ake ndi amiyala, osalala ndi mapazi a mibadwo. Ukamayandikira pamwamba njira imapanikizika pakati pa matanthwe awiri aakulu, mpaka anthu kumadutsa mmodzimmodzi, wa mapewa aakulu n'kumayenda chammbali. Ena amati anaipanga choncho poopa nkhondo. Ine ndimaona kuti nkhani yaikulu inali ulemu. Kwa mfumu sankalowako chigulu. Aliyense ankafika yekha, ali wefuwefu, mutu uli pansi.

Titatulukira pamwamba tinapeza khoma lalikulu la kumadzulo litaima ndii pamphepete pa phompho, pamutu pake pali timilu ta miyala ndi miyala ina yaitali yoimika. Atsibweni anasiya kuyankhula. Anayamba kulisisita khomalo ndi chikhatho kuyambira m'munsi, kenaka anathyola kaudzu n'kukalowetsa pampata wa miyala iwiri. Kanalowa konse. Mulibe simenti, mulibe laimu, mulibe ngakhale dothi. Mwala unangokhala pa mwala unzake, ndipo wakhala choncho zaka mazanamazana.

Luso lake ndikufotokozereni, pakuti iyi ndi ntchito imene ndadyera moyo wanga wonse. Matanthwe a dziko limenelo amasendeka okha m'magawomagawo chifukwa cha kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku. Omangawo anaona zimenezi, nayamba kufulumizitsa: ankasonkha moto pathanthwe, likatentha n'kuthirapo madzi, thanthwe lija n'kung'aluka. Magawowo ankawaswa m'timiyala ta msinkhu wa njerwa, toti munthu mmodzi n'kunyamula. Khoma ankalimanga nkhope ziwiri, yakunja ndi yam'kati, pakati n'kudzazapo zibenthu. M'munsi limakhala lotambalala, likamakwera n'kumachepa pang'onopang'ono, motero kulemera kwake komwe ndiko kumaligwira. Pansi ankasiya timabowo totulukira madzi a mvula. Ngodya simungaipeze. Makoma onse amakhota, ndipo akakumana ndi thanthwe sankalichotsa, ankangolikumbatira ndi khoma n'kupitiriza mbali inayo.

Koma chimene atsibweni anaona, chimene ine mwana sindikanachiona ndekha, ndi kusiyana kwa makomawo. Ena a paphiri mizere yake ndi yoyendayenda, miyala yosalingana, mzere wina n'kuthera m'njira. Madzulo ake titatsikira m'chigwa tinapeza makoma a mizere yowongoka tolotolo, miyala yosemedwa bwino yolingana. Atsibweni anati, "Mphwanga, kumtunda kuja ankaphunzira, kuno anali atadziwa. Mlendo wobwera ndi luso lake sayamba ndi kuphunzira. Awa ndi eni nthaka, mwana kuposa bambo ake, mdzukulu kuposa onse." Patapita zaka ndinadzamva kuti akatswiri ofukula zakale anapeza zomwezo, kuti makoma a paphiri ndiwo akale ndipo luso linakulira pamalo pomwepo. Atsibweni sanathe ngakhale Sitandade 3, koma khoma ankaliwerenga.

Ine funso langa linali la denga. Ndinafunsa mkulu uja kuti nanga makoma aakulu chotere ankawafolera bwanji. Iye anandiyang'ana nati, "Mwanangu, mpanda amaufolera?" Apa ndipo pagona nkhani yonse, adzukulu anga, ndipo muisunge. Miyala yonse ija si nyumba ayi. Ndi mipanda, yotchingira mabwalo ndi makomo a anthu olemekezeka kuti maso a aliyense asamafikeko. Nyumba zenizenizo zinali zozungulira, zadothi, zofolera ndi udzu. Dothi lake linali lokandidwa bwino, makoma ochindikala, pansi potsutsuta mpaka kuwala, pali pokhala, pali poika miphika, pali pamoto. M'kati mwa mpanda wa kumadzulo uja ofukula anapeza pansi pa nyumba posanjikizana, ina pamwamba pa inzake, kusonyeza kuti nyumba ikakalamba ankaigwetsa n'kumanga ina pomwepo, mbadwo ndi mbadwo. Mfumu imene dzina lake linkamveka mpaka kunyanja yamchere inkagona m'nyumba yadothi. Anthu amene ankatha kusanja miyala mpaka mamita 11 sanalephere kumanga chipinda chamwala. Sanachifune. Ankadziwa kuti dothi limasunga kutentha usiku wa Juni ndi kuzizira masana a Okutobala. Nchifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva wina akunyoza nyumba ya agogo ake kuti ndi yaumphawi pongoona kuti ndi yadothi.

Tinakakhala pathanthwe loyang'ana kummwera, pamene alendo onse amaimapo. Maso amafika kutali pamenepo. M'munsimo mumaoneka mpanda waukulu uja umene Akaranga, anthu a m'deralo, amautcha Imba Huru, khoma lake lozungulira mamita pafupifupi 250, miyala yake kuyandikira miliyoni. M'kati mwake muli nsanja yotalika mamita ngati 10, yopanda khomo, yopanda chipinda, miyala yokhayokha mpaka pakati. Aliyense wobadwira kumudzi akaiona amati ndi nkhokwe, ndipo ambiri amakhulupirira kuti inkaimira zomwezo, kuti mfumu ndiye mwini chakudya, wodyetsa anthu pa njala. Za mpandawo anthu amanena zosiyana. Ena amati munkakhala mkazi wamkulu wa mfumu, ena amati munkachitikira chinamwali, ena amati mafumu a pambuyo pake anatsika kuphiri n'kukakhala m'menemo. Pakati pa mpandawo ndi phiri pali timipanda tina tambirimbiri tobalalika m'chigwa. Ukacheukira mbali ina umaona madzi a damu lija, limene lero amalitcha Mutirikwi, ali mbuu pakati pa mapiri.

Ife maso anali pa miyala. Mkulu uja anatiuza kuti tisiye kaye miyalayo, tiyang'ane pamene palibe kanthu, paudzu ndi m'mitengo, kuzungulira phiri lonse. Anati ponsepo panali nyumba zothithikana, madenga kugundana. Mzindawu unakula pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1450, ndipo pamene unali pachimake akatswiri ena amati munkakhala anthu oposa 10,000, ena mpaka 18,000. Munthu amene sanakhalepo kumudzi akaima pathanthwe lija amangoona mabwinja. Ine ndinaona utsi wam'mamawa ukutuluka m'madenga, amayi akupita kumadzi mitsuko ili pamutu, misi ikugunda m'mitondo. Ankasinja mapira ndi mawere, chifukwa chimanga chinali chisanafike kuno ku Africa. Kunali osula makasu ndi nkhwangwa, oumba mbiya, opota thonje, osungunula golide ndi mkuwa. Zonsezi zizindikiro zake zinapezeka m'nthaka yomweyo.

Chuma chawo choyamba chinali ng'ombe. Dera limenelo limalandira kamvula kowaza kochokera kummwera chakum'mawa, kamene iwo amati guti, ife timati chiperoni, ndipo msipu suuma msanga. M'mbali mwa phiri, pamene a kwa mfumu ankataya zinyalala, munapezeka mafupa ochuluka a ng'ombe, zambiri zophedwa zikadali zazing'ono. Wodya thole ndi munthu amene khola lake silimudetsa nkhawa. Pamwamba pa ng'ombe panabwera malonda. Golide wokumbidwa m'migodi ya m'dzikomo ndi minyanga ya njovu zinkatsikira ku Sofala, kugombe la Mozambique, kuchoka apo n'kukwera zombo kupita ku Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Pobwerera kunkabwera nsalu ndi mikanda yagalasi. M'mabwinjamo munapezeka zibenthu za mbale za ku China ndi ku Persia, ngakhale ndalama yamkuwa ya mfumu ya ku Kilwa ya m'zaka za m'ma 1300. Musadabwe nazo kwambiri. Kwathu konkuno ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi anafukulako mikanda yagalasi ndi zibenthu za mbale za ku China. Makolo athu sanali otsekeredwa m'thengo.

Pansi pa matanthwe a mbali ya kummwera pali kaphanga kena. Mkulu uja analowamo naitana mokweza, ndipo mawu ake anakamveka m'chigwa monse, anyani n'kubalalika m'mitengo. Anati m'menemo ndimo munkaima woitana anthu mfumu ikakhala ndi mawu.

Kuchoka apo anatilowetsa m'tinjira topanikiza mpaka kumpanda wa kum'mawa. Kumeneko anatsitsa mawu. Ndiko kunali malo opatulika, ndipo ndiko kunkaima zambiri mwa mbalame zamwala zonga ya pa mbendera ija. Zodziwika zilipo 8, zosemedwa pa mwala wofewa, iliyonse itakhala pamutu pa mzati wake. Ena amati ndi chapungu, ena amati ndi hungwe, imene ndi nkhwazi yathu ija, koma ukaziyang'anitsitsa zina zili ndi milomo ndi zala ngati za munthu. Ambiri amati zinkaimira mafumu amene anatsogola. Tsiku limenelo tinapeza malo ake ali mbee. Ine mbalameyo ndinkaidziwa pa sheleni yakale ya Southern Rhodesia, imene inkayenda ngakhale kuno ku Nyasaland. Boma lomwe linkakana kuti eni ake ndi anthu akuda linkaidinda pa ndalama yake.

Mmene zinachokera ndi motere. Mu 1871 kunafika Mjeremani wina dzina lake Karl Mauch. Iyeyu anasema kamtengo ka pakhomo lina, nakanunkhiza, nati kakununkha ngati mkungudza wa ku Lebanon, choncho uno ndi mzinda wa mfumukazi ya ku Sheba ya m'Baibulo. Mtengowo unali wa m'tchire lomwelo. Koma bodza likakomera anthu amphamvu limamera mizu. Mu 1889 mlenje wina, Willi Posselt, anadula mbalame imodzi pa mzati wake, eni malo akukana, nasiya mabulangete. Anakaigulitsa kwa Cecil Rhodes, ndipo inakasungidwa m'nyumba yake ya Groote Schuur ku Cape Town. Mu 1891 Theodore Bent anatenga zina. Woononga kwambiri anali Richard Hall, amene anapatsidwa udindo wosamala malowo mu 1902. Iyeyu anakokolola dothi la m'mipanda yambiri n'kukalitaya, ati akuchotsa zinyalala za anthu akuda kuti apeze za eni ake enieni. Zimene ankatayazo ndiwo anali mapale, mafupa ndi pansi pa nyumba za eni akewo.

Choonadi sichinachedwe kudziwika. Mu 1905 David Randall-MacIver anafukula nanena poyera kuti omanga anali anthu a mu Africa. Mu 1929 mayi wina katswiri, Gertrude Caton-Thompson, anakumba mosamala kwambiri napeza zomwezo. Ndiye kuti pamene bwana wathu uja ankatinyoza, nkhani inali itadziwika kwa zaka zoposa 50. Sanali mbuli chabe ayi. Munthu amene walanda munda safuna kumva kuti mwini wake anali mlimi. Boma la Ian Smith litabwera linafika pokakamiza kuti mabuku a alendo asanene motsimikiza kuti omanga anali akuda, ndipo Peter Garlake, amene ankayang'anira malo akale m'dzikomo, anakana kupotoza, nachoka m'dziko mu 1970. Ufulu utabwera, South Africa inabweza mbalame zina mu 1981, ndipo theka la ina limene linali ku Berlin linabwera mu 2003. Mu 1986 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Nanga mzinda waukulu chotere unatha bwanji? Sunaotchedwe ndi adani. Unangophwa pang'onopang'ono cha m'ma 1450. Anthu ndi ng'ombe zikachuluka pamalo amodzi nkhuni zimatalikira, msipu umaperewera, nthaka imaguga. Nayonso njira ya malonda inasunthira kumpoto, ku Zambezi. Akaranga amasimba kuti kalonga wina, Nyatsimba Mutota, ananyamuka kukafuna mchere ku Dande, nakhazikika komweko, ndipo ufumu wa Mwene Mutapa unayambira pamenepo. Ena analowera kumadzulo nakamanga Khami, kufupi ndi kumene lero kuli Bulawayo. A Mwene Mutapa amenewa ndiwo anadzakhala oyandikana ndi makolo athu, Zambezi ali pakati. Mu 1608 mfumu ya Amaravi yotchedwa Muzura, imene ena amati inali Kalonga, inatumiza ankhondo 4,000 kutsidya kukathandiza Mwene Mutapa Gatsi Rusere pamene anthu ake anamuukira. Tsono ife a ku Nyasaland sitinayambe ndi Mthandizi kuoloka mtsinje umenewo.

Phirilo silinasiyidwe lokha ngakhale mzinda unatha. Anthu ankabwerabe kudzapempha mvula ndi kudzapereka nsembe. Azungu oyamba anapeza anthu a mfumu Mugabe akukhala paphiri pomwepo. Uyu ndi mfumu ya deralo, osati pulezidenti uja. Iwowa, a kwa Nemanwa ndi a kwa Charumbira akhala akulimbirana kuti mwini wosunga malowo ndani, ndipo mkanganowo sunathe. Mlendo sadula mlandu wa eni mudzi, choncho ife tinangomvetsera. Koma pali chinthu chimodzi chimene mkulu uja anatiuza ndi chisoni chenicheni. Anati makolo ake ankamva mawu kuchokera kuphiriko m'bandakucha: ng'ombe kulira, ng'oma, anthu kuyankhula, amayi kusinja, chonsecho kulibe munthu. Alendo atayamba kukumba, kutenga mbalame ndi kuletsa miyambo, mawuwo analeka. Ine ndine Mkhristu wa Nkhoma, ndipo mudziwa kuti sinditengeka ndi zilizonse. Koma ndinamumvetsa bwino munthuyo. Malo amene agogo ake ankafikapo ndi mowa wa nsembe, iye ankayenera kulowapo ngati mlendo, n'kumaona ena akudyera chakudya pamwamba pa manda a mafumu.

Atsibweni anga sanabwerere kuno. Anachona, nakwatira komweko, ndipo manda awo ali ku Mashava, kumene Amalawi ambiri ankagwira ntchito m'migodi ya asbestos. Ana awo ndi adzukulu awo alipo, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona, koma mfunda wawo amaudziwa. Wina wa inu akadzapita kukawaona adzawapemphe kuti amuperekeze kuphiriko, si patali. Mudzapite m'miyezi yozizira, mudzalawire dzuwa lisanakwere, ndipo mudzakwere njira yakale ija ngakhale mawondo adandaule. Anthu a m'midzi yozungulira mudzawapatse moni poomba m'manja musanayambe kufunsa mafunso. Musadzakwere pamakoma, musadzatole mwala ngakhale umodzi, ndipo amene ali ndi foni yojambula adzandijambulire khoma la kumadzulo lija chapafupi, pamene mizere ya miyala ikuonekera bwino.